Nyumba ndi yako, nthaka ndi ya mwini: mmene trailer park imayendera ku America

Mabanja angapo kuno ku Kasungu ali ndi mwana kapena mlamu ku America, makamaka cha ku South Bend m'chigawo cha Indiana komwe Amalawi adachulukana. Nthawi zina kuchokera kumeneko kumabwera uthenga wozunguza mutu. Akuti wagula nyumba pamtengo wosafika n'komwe pa wa galimoto yatsopano, koma mwezi uliwonse akulipirabe lendi. Akuluakulu pakhonde amayamba kukayika, ena amati mnyamatayo akunama, ena amati amudyera masuku pamutu. Kawirikawiri sanama. Wagula nyumba mu trailer park, ndipo kumeneko zinthu zimayenda choncho.

Malo amatchedwa trailer park, kapena tingoti paki, ngati zinthu zitatu zakumana. Nyumba zake zidapangidwa m'fakitale n'kubwera pamsewu zitakokedwa ndi thilaki. Nthaka yonse, misewu ya m'kati, mapaipi a madzi ndi a zonyansa zili m'manja mwa mwini mmodzi, kaya ndi munthu, banja kapena kampani. Ndipo wokhalamo amalipira lendi ya poloti yomwe nyumba yake yakhalapo, mwezi ndi mwezi, zaka zonse zomwe akhale pamenepo. Chikasowa chimodzi mwa izi ndiye kuti tikukamba zina. Munthu amene waika nyumba ya m'fakitale pamalo akeake sali m'paki, ndipo otere ndiwo ambiri, chifukwa zoposa theka la nyumbazi zili pa nthaka ya eni nyumba. Malo omwe apaulendo amaimikapo makalavani sabata imodzi n'kupitiriza ulendo nawonso ndi bizinesi ina ya malamulo ena. M'zigawo zina lamulo limatchula ndi nambala yomwe: ku Florida lamulo la mapaki limagwira ntchito pomwe pali mapoloti 10 kapena kuposerapo.

America yonse ili ndi mapaki pafupifupi 43,000. Anthu okhala m'nyumba za m'fakitale, m'paki ndi kunja komwe, ali cha m'ma 20 miliyoni, kuchuluka kosasiyana kwenikweni ndi kwa Amalawi tonse.

Nyumbayo payokha

M'zaka za m'ma 1930 zidalidi ngolo zokokedwa ndi galimoto ya banja popita kokayenda. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse boma lidagonekamo anthu ogwira ntchito m'mafakitale a zida, ndipo nkhondo itatha ambiri sadatulukemo poti nyumba zidali zosowa. Malamulo a pamsewu ankaletsa ngolo yopitirira mafiti 8 m'lifupi. Mu 1954 Elmer Frey wa ku Marshfield m'chigawo cha Wisconsin adatulutsa ya mafiti 10, yofuna thilaki ndi chilolezo chapadera kuti iyende, ndipo kuyambira pamenepo ngoloyo idasanduka nyumba yomwe imayenda kamodzi kokha, kuchoka kufakitale kukafika papoloti. Tauni ya Elkhart, yoyandikana ndi South Bend, idatchuka ndi mafakitale a ngolo zimenezi mpaka lero.

Tsiku lomwe wogula aliyense ayenera kuliloweza ndi 15 Juni 1976. Tsiku limeneli malamulo a kamangidwe a nthambi ya boma yoona za nyumba, ya HUD, adayamba kugwira ntchito. Nyumba iliyonse yopangidwa kuyambira pamenepo ili ndi kachitsulo kofiira kokhomedwa kunja, kumbuyo kwa gawo lililonse, komanso pepala lomatidwa m'kati, nthawi zambiri m'kabati ya kukhitchini, m'kabati ya zovala kapena pafupi ndi bokosi la magetsi. Pepalali limanena fakitale, tsiku lomwe nyumbayo idapangidwa, mphepo yomwe ingapirire, kulemera kwa chipale chofewa (sinowo) chomwe denga lingasenze ndi kuzizira komwe makoma adakonzedwera. Nyumba yopanda kachitsulo kofiira mabanki amaikana, a inshuwalansi amaizemba, ndipo mapaki ambiri salola kuti ilowe. Zina za zaka za pakati pa 1965 ndi 1973 zili ndi mawaya a aluminiyamu omwe amamasuka m'masoketi n'kutentha. Zina za pakati pa 1978 ndi 1995, ngakhale zili ndi kachitsulo, zili ndi mapaipi otuwa a polybutylene omwe amaphulika m'malumikizo osachenjeza.

Mitundu yake ndi iwiri makamaka. Ya gawo limodzi imakhala mafiti 14 mpaka 18 m'lifupi ndipo m'litali imatha kufika mafiti 80, omwe ndi mamita 24. Ya magawo awiri imabwera ili yogawika pakati m'litali, mathilaki awiri, n'kudzalumikizidwa ndi mabawuti papoloti. Yatsopano ya gawo limodzi masiku ano imagulidwa cha m'ma $80,000 kapena kupitirira. Zakale, za m'paki, zimapezeka ngakhale pansi pa $20,000, ndipo ndizo zomwe abale athu ongofika kumene amakwanitsa.

Kuikhazika ndi ntchito yofuna anthu odziwa, ndipo mavuto ambiri omwe amadzaoneka patapita zaka amabadwira apa. Poloti imayamba yasalazidwa mwakuti pakati pakhale pokwera pang'ono, nthaka izitsetsereka theka la inchi pa fiti iliyonse mpaka mafiti 10 kuchoka pakhoma, kuti madzi a mvula asadikhe kunsi. Pansi amayala pulasitiki wokhuthala, mapepala ake akupitirirana mainchesi 12, wotchinga chinyezi chochokera m'nthaka. Nyumba yonse imagona pa chimango chachitsulo, chija amakaniko amati chasisi, chokhala ndi mitanda iwiri ikuluikulu yoyenda m'litali. Amaikweza ndi majeke n'kuyamba kusanja mabuloko a simenti kunsi kwa mitandayo, mzati uliwonse pafupifupi mafiti 8 kuchoka pa unzake, uliwonse pa maziko akeake. Mzati wosafika mainchesi 36 umatheka ndi mzere umodzi wa mabuloko, koma ukapitirira pamenepo mabuloko amasanjidwa awiriawiri mopingasana. Pamwamba amaikapo thabwa ndi timphero tamtengo wolimba, n'kumagogoda uku akuyang'ana levulo mpaka nyumba yonse itakhazikika mofanana. Akatero amachotsa matayala, maekiselo ndi chokokera cha kutsogolo. Kenako amapotera m'nthaka zikhomo zazitali zachitsulo, n'kumangirira chimangocho ndi malamba achitsulo. Chikhomo chilichonse chiyenera kupirira mphamvu yokoka ya mapaundi 3,150, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 1,430. Pomaliza amatchinga m'mbali monse kuchokera pansi pa khoma kufika panthaka, n'kusiya timazenera tolowera mpweya.

Mzati umodzi ukatitimira, zizindikiro zimayamba ndi zitseko zokana kutsekeka, kenako ming'alu pamwamba pa mawindo, kenako denga la ya magawo awiri limayamba kudontha polumikizira. Mankhwala ake ndi kuitana anthu a majeke adzaiwongole, ndipo pa dothi lofewa zimenezi zimafunika zaka zingapo zilizonse. Vuto lina loipa ndi la pansi popondapo. Nyumba zakale adaziyala ndi matabwa a utuchi wopanikizidwa, ndipo madzi akangodonthera, kaya kuchokera kuchimbudzi kaya pawindo, thabwalo limafufuma n'kufumbutuka. Wokaona nyumba yoti agule aziponda mwamphamvu kuzungulira chimbudzi, patsinde pa bafa ndi pansi pa windo lililonse. Pomwe pakunyang'ama ngati matiresi pali ndalama zoti zituluke. Agwade, atsegule chotchinga cha m'munsi, aunike ndi tochi: ngati nsalu yakuda yokuta kunsi kwa nyumba yang'ambika n'kumalendewera, ndiye kuti paipi idaphulikapo, kapena amphaka ndi makoswe adalowamo kale.

Chifukwa chiyani sangoisamutsa?

Funso limeneli ndilo limabwera msanga. "Mwanawe, ngati nyumbayo ili ndi matayala, bwanji osaikoka n'kupita nayo kwina lendi ikakwera?" Yankho lake ndilo mutu wa nkhani yonse ya mapaki. Matayala adachotsedwa kalekale. Kuti isamuke pafunika kudula madzi, magetsi ndi gasi, kugumula khonde ndi masitepe, kubwereka maekiselo, kutenga chilolezo cha katundu wopyola muyeso, kulipira thilaki ndi magalimoto operekeza, n'kukayambiranso ntchito yonse ya mabuloko ndi zikhomo kumene ikupitako. Zonsezi zimadya madola masauzande angapo, ndipo ya magawo awiri imatha kupitirira $10,000. Nyumba ya zaka 30 kapena 40 mwina singafike yamoyo, imatha kupindika kapena kung'aluka panjira. Ikafika, paki yatsopanoyo imatha kuikana chifukwa cha ukalamba. Ndiye nyumba zambiri zimafera pomwe zidakhazikidwa tsiku loyamba.

Ife a ku Kasungu zimenezi tikuzidziwa bwino kuchokera m'maesiteti a fodya, nthawi ya utenanti lamulo la 2021 lisanauthetse. Tenanti ankadula yekha mitengo, kuumba zidina, kufolera udzu, nyumba n'kukhala ya thukuta lake, koma tsiku lomwe wasemphana ndi bwana ankanyamula mphasa ndi mapoto okha, nyumba n'kutsala. Wa m'paki sagwira ntchito kwa mwini malo ndipo ali ndi lizi yolembedwa, koma pomwe pagona mphamvu ndi pomwepo.

Onjezani china. Makhonsolo ambiri ku America adasiya kupereka chilolezo chotsegula mapaki atsopano, chifukwa anthu oyandikana nawo amawakana. Mapaki akale amaloledwa kupitirira poti adalipo malamulo atsopano asanabwere. Choncho mapoloti sakuchuluka, kwina akuchepa, pomwe ofuna nyumba zotsika mtengo akuchulukirachulukira.

Ndalama zimayenda bwanji

Lendi ya poloti imasiyana kwambiri, kuyambira madola mazana angapo pamwezi m'matauni aang'ono mpaka kupitirira $1,000 m'madera ngati a m'mbali mwa nyanja ku California. Pa ndalamayi mwini paki amalipira msonkho wa nthaka, inshuwalansi ya malo, malipiro a manijala, kukonza misewu, magetsi a m'misewu, kudula mitengo, kuchotsa chipale m'nyengo yozizira, ndipo kwina madzi ndi zinyalala. Wokhalamo amasamala nyumba yake yonse, kuyambira denga mpaka paipi yomwe yachoka pa mita kulowa m'nyumba, amatchetcha kapinga wa papoloti pake, amalipira inshuwalansi ya nyumbayo ndi msonkho wake. Malire a udindowa ayenera kulembedwa mu lizi momveka, makamaka pa zinthu ziwiri zomwe zimayambanitsa anthu chaka ndi chaka: mtengo waukulu womwe uli papoloti, ndi paipi yomwe yaphulika pansi pa nthaka pakati pa msewu ndi nyumba.

Anthu a bizinesiyi amawerengera kuti pa ndalama zonse zolowa, 30 mpaka 40 pa 100 zilizonse zimapita ku zowonongera, zotsalazo ndi phindu ndi zobwezera ngongole. Kuchepa kwa zowonongeraku n'chifukwa choti mwini sakonza denga la munthu kapena chimbudzi chake. N'chifukwa chakenso eni ambiri safuna kukhala ndi nyumba zawozawo zobwereketsa m'pakimo. Akapezeka nazo amayesetsa kuzigulitsa kwa okhalamo, ngakhale pangongole, kuti atsale ndi nthaka yokha. Wobwereka nyumba amatha kusamuka usiku umodzi. Wogula sasamuka.

Mbali ya ngongole ndiyo imapweteka mwakachetechete. Popeza nthaka si yake, nyumbayo m'zigawo zambiri siwerengedwa ngati malo koma ngati katundu wosunthika, ndipo chikalata cha umwini wake chimatuluka ku ofesi yomwe imalembetsanso magalimoto. Ngongole yake imakhala ya chiwongoladzanja chokwera kuposa ya nyumba wamba, zaka zobwezera zochepa, ndipo wolephera kubweza amalandidwa msanga. Kampani yaikulu yopanga nyumbazi, Clayton Homes, idagulidwa ndi Berkshire Hathaway ya Warren Buffett mu 2003, ndipo makampani ake awiri, 21st Mortgage ndi Vanderbilt Mortgage, ali m'gulu la obwereketsa akuluakulu pa nyumba zotere. Wogula kwa munthu mnzake aonetsetse kuti dzina la pachikalata ndi la amene akugulitsayo, kuti palibe ngongole yolembedwapo, ndi kuti msonkho ndi lendi zam'mbuyo zidalipidwa. Alipo ambiri omwe adapereka ndalama pamanja, n'kulandira makiyi opanda chikalata, n'kudzazindikira pogulitsa kuti mwalamulo nyumbayo si yawo.

Manijala ndi malamulo a m'kati

Paki ya mapoloti 50 kapena 100 nthawi zambiri imayendetsedwa ndi manijala mmodzi wokhala momwemo, yemwe mwina salipira lendi ngati mbali ya malipiro ake. Ntchito yake ndi kutolera lendi kumayambiriro kwa mwezi, kupereka notisi kwa ochedwa, kuwerenga mamita, kuitana okonza, ndi kuyendera mapoloti kuona ngati malamulo akutsatidwa. Kugula nyumba kwa mwini wake sikokwanira kuti ulowe. Ofesi ya paki iyenera kukuvomereza, itafufuza mbiri yako ya ngongole, malipiro ako ndi ngati udapalamulapo. Ndiye ndondomeko yoyenera ndi kuyamba kuofesi, kuvomerezedwa, kenako kulipira wogulitsa. Wochita mobwerera kumbuyo amatha kukhala ndi nyumba yomwe saloledwa kugonamo koma lendi yake ikuwerengedwa.

Malamulo amakhala masamba angapo: galimoto zingati papoloti, yakufa isakhale panja, kapinga asapitirire mainchesi akutiakuti, galu wa mtundu wanji ndi wolemera bwanji, mlendo agone masiku angati asanalembetsedwe, phokoso lithe nthawi yanji, mpanda ndi shedi zimangidwe pokhapokha ofesi italola. Lamulo la alendo ndilo limatikola ife, chifukwa kwathu m'bale akafika safunsidwa tsiku lobwerera. Kumeneko msuweni wogona pabalaza mwezi wathunthu osalembetsa ndi mlandu wokwanira notisi. Mapaki ena ndi a achikulire okha. Lamulo la 1988 lidaletsa kukana mabanja a ana, koma la 1995 limalola paki kukhala ya achikulire ngati nyumba 80 pa 100 zilizonse zokhalidwa muli munthu wa zaka 55 kapena kuposerapo. Wokhala ndi ana aang'ono afunse zimenezi asanataye nthawi.

Wolephera lendi amapatsidwa notisi ya masiku ochepa, kenako nkhani imapita kukhoti. Akagonja amauzidwa kuti achotse nyumba yake papoloti kapena aigulitse m'masiku owerengeka. Popeza munthu wolephera lendi ya miyezi iwiri sangapeze ndalama ya thilaki, ambiri amangoisiya. Mwini paki amaitenga kudzera m'malamulo a katundu wosiyidwa, kuipaka penti n'kuigulitsa kwa wina. Munthu amatha kutaya nyumba ya $25,000 chifukwa cha ngongole ya $1,500, ndipo kwa ine apa ndi pomwe dongosololi lidakhota kwambiri.

Zomwe zili pansi pa nthaka

Munthu wofuna kudziwa ngati paki ikuyendetsedwa bwino asayang'ane maluwa a pageti. Afunse za madzi ndi zonyansa. Mapaki ambiri adamangidwa m'zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1970, mwachangu ndi motchipa, ndipo mapaipi omwe adakwiriridwa nthawi imeneyo ndiwo akugwirabe ntchito. Mapaipi ambiri a madzi ndi achitsulo, adachita dzimbiri m'kati mwakuti madzi amatuluka ofiirira ndi opanda mphamvu. A zonyansa ena ndi adothi, omwe mizu ya mitengo imalowa m'malumikizo mwake. Ena ndi a mtundu wa Orangeburg, opangidwa ndi ulusi wa mitengo wonyikidwa mu phula, ndipo akakalamba amaphwatalala n'kutseka njira. Mapu osonyeza komwe adadutsa nthawi zambiri adatayika, ndipo ena amadutsa kunsi kwa nyumba zenizenizo, mwakuti kukonza n'kukwawa ndi fosholo pamalo osakwana mita imodzi m'mwamba.

Paki yolumikizidwa ku madzi a tauni imakhala ndi mita imodzi yaikulu pageti, ndipo bilu yonse imapita kwa mwini. Kuchokera pamenepo njira ndi zitatu: kuphatikiza madzi mu lendi, kugawa biluyo molingana ndi nyumba kapena anthu, kapena kuika kamita panyumba iliyonse. Njira yachiwiri ndiyo ya mikangano, chifukwa gogo wokhala yekha amalipirira madzi omwe akutayika pansi pa msewu. Manijala wodziwa ntchito amawerenga mita yaikulu pakati pa usiku anthu onse atagona, n'kuiwerenganso patapita maola awiri. Ngati yayenda kwambiri, pali potayikira. Amatseka mavavu chigawo ndi chigawo mpaka mita itaima, ndiye wadziwa msewu woti akumbe. Kawirikawiri wolakwa amakhala chimbudzi chimodzi chomwe chikungotulutsa madzi usana ndi usiku, kapena paipi yosweka kunsi kwa nyumba yosiyidwa.

M'zigawo zozizira ngati Indiana muli vuto lomwe ife sitilidziwa. Paipi yochoka m'nthaka kukwera m'nyumba imakhala pamtetete, ndipo madzi akaundana m'katimo imang'ambika. Amaikulunga ndi chingwe chamagetsi chotenthetsa, n'kukutanso ndi zofunda zake. Chingwechi chimatha mphamvu pakapita zaka zingapo, ndipo chiyenera kuyesedwa chaka chilichonse cha mu Okutobala kuzizira kusanafike. Chikakulungidwa mopitirirana chokhachokha chimatha kuyatsa moto kunsi kwa nyumba.

Paki yokhala ndi chitsime chakechake ili ndi udindo wokulirapo. Lamulo la madzi akumwa la 1974 limati aliyense wopereka madzi ku nyumba 15 kapena kwa anthu 25 amawerengedwa ngati wopereka madzi ku gulu. Ayenera kukhala ndi katswiri wa chiphaso, kuyezetsa madzi kawirikawiri kuona ngati muli tizilombo, ndi kuchenjeza anthu kuti aziwiritsa madzi zinthu zikalakwika. Zonyansa nazo, komwe kulibe mapaipi a tauni, zimapita ku masepitiki thanki ogawana nyumba ziwiri kapena zinayi, kudziwe loonekera, kapena ku kamakina kosefa ka paki yomweyo. Mathanki amafuna kupopedwa zaka zingapo zilizonse. Mafuta ophikira ndi timapepala tonyowa topukutira ana ndizo zimatseka mapaipi. Mvula ikagwa yambiri madzi amalowa m'mapaipi osweka, kamakina kamalemedwa, zonyansa n'kutumphukira pa kapinga. Kusintha kamakina kotere kapena mapaipi a paki yonse ndi ndalama zokwana madola mazana a masauzande, mwina kupitirira miliyoni. Eni aang'onoang'ono ambiri, omwe adalandira paki kwa makolo awo, akafika apa amagulitsa.

Amagulitsa kwa yani? Zaka zapitazi ogula akhala makampani akuluakulu. Equity LifeStyle Properties ya ku Chicago, yomwe adaikulitsa malemu Sam Zell, ndi Sun Communities ya ku Michigan, iliyonse ili ndi malo mazanamazana. Masamu omwe amawakoka ndi osavuta. Tiyerekeze paki ya mapoloti 100. Mwini watsopano akakweza lendi ndi $50 pamwezi, pachaka wawonjezera $60,000 popanda kugula ngakhale thumba limodzi la simenti. Mtengo wa paki pamsika umawerengedwa kuchokera ku phindu la pachaka, ndiye ngati ogula akuyembekezera 6 pa 100 iliyonse, $60,000 ija yakweza mtengo wa paki ndi $1,000,000. Kwa wokhalamo zimayenda chobwerera: lendi ikakwera, mtengo womwe angagulitsire nyumba yake umatsika, chifukwa wogula amawerengera zonse pamodzi. Sindikunena kuti kampani iliyonse ndi yoipa. Zina zimafika n'kukonzadi misewu ndi mapaipi zomwe mwini wakale adazilekerera zaka 20. Koma bilu ya kukonzako imafika pakhomo pa wokhalamo basi.

Chitetezo chimadalira chigawo chomwe munthu ali. Ku California ndi ku Florida mwini ayenera kupereka notisi ya masiku 90 asanakweze lendi, ndipo sangathamangitse munthu popanda chifukwa cholembedwa m'lamulo. Makhonsolo ena a ku California amaika ndi malire a kakwezedwe. Zigawo zina zilibe zambiri zotere, lizi imakhala ya mwezi ndi mwezi. Choopsa kuposa zonse ndi kutsekedwa kwa paki, nthaka ikagulidwa kuti pamangidwe masitolo kapena nyumba zosanja. Ku Florida notisi yake ndi ya miyezi 6, ndipo thumba la boma limathandiza ndi ndalama zosapitirira $3,000 pa nyumba ya gawo limodzi ndi $6,000 pa ya magawo awiri, zomwe kawirikawiri sizifika pa mtengo weniweni wosamutsira. Paki yomwe ili pafupi ndi msewu waukulu, tauni ikukula kuizungulira, mwini wake wasiya kudzaza mapoloti opanda nyumba, imeneyo njokayikitsa ngakhale lendi yake itatsika bwanji.

Za mphepo ndinene mwachidule. Namondwe wa Andrew mu Ogasiti 1992 adasesa pafupifupi nyumba zonse zotere m'tauni ya Homestead ku Florida, ndipo mu 1994 HUD idakhwimitsa malamulo. Dziko lidagawidwa patatu, ndipo m'madera a m'mbali mwa nyanja nyumba ziyenera kupirira mphepo ya mamailosi 100 kapena 110 pa ola. Yopangidwira dera la mphepo yochepa siloledwa kukhazikidwa ku dera la mphepo yambiri. Koma kwa kavuluvulu wamphamvu uja wa tornado palibe nyumba yotere yomwe ili yodalirika, ngakhale yomangirira bwino. Chenjezo likamveka anthu amathawira ku nyumba ya konkire, ndipo wogula afunse ngati paki ili nayo ndi amene amasunga kiyi yake usiku. Malamba omangirira nawo amachita dzimbiri ndi kukhwefuka, ayenera kuyenderedwa.

Ku England mapaki otere aliponso, ngakhale ndi ochepa ndipo okhalamo ambiri ndi opuma pantchito. Kumeneko malo amafuna laisensi ya khonsolo, nyumba zimatalikirana mamita 6 poopa moto, ndipo munthu akagulitsa nyumba yake mwini malo amatengapo mpaka 10 pa 100 iliyonse ya mtengowo.

Okhalamo akagula nthaka

Mu 1984 mabanja 13 a m'paki ina ku Meredith m'chigawo cha New Hampshire adamva kuti malo awo akugulitsidwa. Adapanga kopaletivi, n'kubwereka ndalama ku bungwe la New Hampshire Community Loan Fund, n'kugula nthakayo. Lero chigawochi chili ndi mapaki otere oposa 140, ndipo lamulo lake limakakamiza mwini kudziwitsa okhalamo masiku 60 asanagulitse kuti nawo apereke mtengo wawo. Mu 2008 kudakhazikitsidwa bungwe la ROC USA lofalitsa njirayi dziko lonse, ndipo mapaki omwe ali pansi pa ndondomeko yake adapitirira 300.

Kayendetsedwe kake n'kotere. Nthaka sigawidwa mapolotimapoloti, imakhala ya kopaletivi yonse. Banja lililonse limagula umembala kamodzi, pamtengo wa pakati pa $100 ndi $1,000, ndipo likamachoka limabwezeredwa ndalama yomweyo popanda phindu. Nyumba imodzi, voti imodzi. Mamembala amasankha komiti ya anthu ongodzipereka, amavomereza bajeti pamsonkhano wa pachaka, ndipo lendi amaikhazikitsa okha kuti ikwanire ngongole ya nthaka, zowonongera ndi thumba la zokonzera. Asanagule amalemba injiniya kuti alowetse kamera m'mapaipi a zonyansa, ayeze madzi, aone misewu ndi mabokosi a magetsi, n'kulemba zomwe zidzafune kusinthidwa m'zaka zikubwerazo ndi mtengo wake. Chaka choyamba lendi kawirikawiri imakwera, poti akugula pamtengo wa pamsika ndi ndalama zobwereka. Phindu lake limaoneka m'zaka zotsatira, pomwe imakwera pang'onopang'ono, ndiponso palibe amene angawatsekere malo.

Zovuta zake ndi zomwe aliyense amene adakhalapo m'komiti akuzidziwa. Anthu atatu kapena anayi omwewo ndiwo amasenza ntchito yonse mpaka kutopa. Msungichuma amachita manyazi kupereka notisi kwa mnansi yemwe amapemphera naye limodzi, ngongole za lendi n'kumaunjikana. Pamsonkhano mamembala amakana kudzikwezera lendi ngakhale ndi $10, thumba la zokonzera n'kumauma. N'chifukwa chake makopaletivi okhazikika amalemba kampani yapadera yotolera lendi ndi kusunga mabuku, komiti n'kutsala ndi kupanga ziganizo, ndipo cheke chilichonse chimasainidwa ndi anthu awiri. Wofuna kugula nyumba m'paki yotere apemphe maminitsi a misonkhano iwiri yapitayi, lipoti la injiniya ndi sitetimenti ya thumba la zokonzera. Ngati thumbalo lili mbee pomwe mapaipi ndi a m'ma 1960, lendi yotsikayo ikwera posachedwa, kaya mamembala afuna kaya safuna.